Agogo Atuluka M'chipatala, Ntchito Yatsalira Ife

Tsiku lomwe adokotala alemba m'kabuku kuti agogo azipita kwawo, ife magadiyani timasangalala ndithu. Tatopa ndi kugona pasimenti komanso kulimbirana mafuwa kushedi. Koma chimwemwecho chimathera pageti. Munthu amene ankalima yekha mwezi wathawu akutuluka mbali imodzi itafa ndi sitiroko, ndipo chomwe tapatsidwa ndi mapilitsi a BP ndi tsiku lodzabweranso. Basi.

Palibe amene amationetsa kadzutsidwe kawo kuti tisawagulule phewa. Zoti munthu wogona amafunika kumutembenuza maola awiri alionse tidazidziwa zilonda zitatuluka kale m'chiuno. Phala likamawatsamwa, timangoganiza kuti mwina talimbitsa. Nanga chimbudzi? Chathu n'chokumba, kuseri kwa nyumba, ndipo mwendo wosapindika sunganjute. Timaboola mpando wakale n'kuika ndowa pansi pake. Mayi amene anakubereka amadziphimba kumaso ndi chitenje pamene iwe ukuwasambitsa, ndipo nonse awiri mumangoti chete. Zimenezi zimawawa kuposa msana umene watithyokawu.

Amati tizipita nawo kumafizo. Ife sitikana. Koma mafizowo ali kuboma, ena mpaka ku Kachere ku Blantyre. Wodwala sitiroko sakhala yekha pakabaza, pamafunika wina womugwirira kumbuyo, kenako minibasi, kenako kubwerera. Ulendo umodzi umadya ndalama ya ndiwo ya mlungu wonse. Tikajomba kangapo, zala zimafumbata osatambasukanso, pomwe miyezi yoyambirirayo ndi imene thupi limavomera kuphunziranso.

Ndipo wosamalirayo ndani? Ndi mwana wamkazi, mpongozi, kapena mdzukulu amene wayamba kujomba kusukulu. Achimwene a ku Joni amatumiza kangachepe pafoni, zikomo, koma ndalama siitembenuza munthu pakati pa usiku. Kumunda udzu wapitirira chimanga. Akanapanda amayi a Mvano ndi a kumphakati obwera ndi nkhuni ndi ufa, sitikudziwa kuti tikanatani. Choipitsitsa, agogo akayamba kusokoneza mawu chifukwa cha matendawo, ena m'mudzi amayamba manong'onong'o a ufiti.

Tidamva pawailesi kuti aphungu adavomereza lamulo loteteza anthu achikulire mu 2024. Tidakondwa. Anamwino nawonso sitikuwada, tidaona tokha mmene mmodzi amathamangira ndi wodi yonse. Chomwe tikupempha n'chaching'ono. Asanatitulutse, wina akhale nafe ngakhale ola limodzi, atigwire manja, ationetse konyamula ndi koongola mwendo. Alangizi a zaumoyo amene amabwera kusikelo ya ana mwezi ndi mwezi apatsidwe mpata wodzerako kukhonde kwa agogo m'milungu yoyamba ija. Ndipo pachipatala chaching'ono pakhale ndodo zoyendera ndi njinga ya olumala yobwereka. Agogo akayamba kuponda okha, tidzabweza kuti ikathandize khomo lina.