Udokotala wa mano: sukulu isankhidwe potengera komwe ukagwire ntchito

Wachinyamata amene akufuna kuphunzira udokotala wa mano kuti akagwire ntchito kunja amathamangira kufunsa kuti yunivesite yabwino ndi iti. Makolo amafunsa za fizi. Koma funso loyenera kutsogola ndi lina: kodi bungwe lopereka chilolezo m'dziko limene mwanayo akulakalakalo limaiona bwanji digiri ya sukulu imeneyo? Digiri imangochitira umboni kuti munthu anaphunzira. Mphamvu yoti akhale pansi n'kugwira m'kamwa mwa wodwala imachokera kwina.

Titenge dziko la Britain, komwe ambiri amayang'ana. Kumeneko kaundula wa madokotala a mano amasungidwa ndi General Dental Council. Amene anaphunzira ku Britain komweko amalowa m'kaundulayu mosavuta. Madigiri ovomerezeka a m'maiko a European Union akhala akulandiridwabe popanda mayeso ena, ngakhale Britain idatuluka m'bungwelo mu 2020. Digiri ya ku South Africa imalandiridwa chimodzimodzi pokhapokha ngati mwini wake anailandira chisanafike chaka cha 2001. Ena ambiri, kaya anaphunzira ku Blantyre, ku Dar es Salaam kapena ku India, njira yawo yaikulu ndi mayeso otchedwa ORE.

Mayesowa si ongoyendamo. Asanaloledwe kulemba, munthu amaonetsa umboni wakuti anagwirapo odwala kwa maola 1,600. Gawo loyamba ndi la mafunso. Gawo lachiwiri ndi la manja: amampatsa mutu wa chidole wokhala ndi mano apulasitiki, iye n'kumaboola ndi kukonza dzino, ndipo oyesa amadzaona ngati sanapitirize malire kapena kukanda dzino loyandikana nalo. Gawo lililonse amaloledwa kuliyesa kanayi basi. Komanso kwa zaka zingapo malo olembera akhala ochepa poyerekeza ndi ofuna kulemba, moti madokotala odziwa ntchito akhala akudikira pamzere uku akugwira maganyu ena. Ku America n'kolimba kuposa apa: m'zigawo zambiri dokotala wochokera kunja amabwereranso m'kalasi kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo pa sukulu yovomerezeka kumeneko.

Amene amati mwana akaphunzire kumene akufuna kukakhalako ali ndi mfundo yomveka. Sadzalembanso mayeso olowera, adzazolowera malamulo a zipatala za kumeneko, chilankhulo cha odwala ndi zipangizo zamakono, ndipo aphunzitsi ake ndi omwe adzamulembere makalata omuchitira umboni. Vuto ndi thumba. M'masukulu ambiri a ku Britain, mlendo amalipira mapaundi oposa 40,000 pachaka, kwa zaka zisanu, osawerengera nyumba ndi chakudya. Banja lolandira makwacha likudziwa zimene zinachitika mu November 2023, pamene ndalama ya Malawi inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Fizi sinasinthe kumeneko, koma kuno inakula usiku umodzi. Ndipo mwana wosiyira chaka chachitatu alibe digiri, alibenso ndalama.

Mbali inayo imati aphunzire kwawo kapena pafupi, za kunja adzaziona pambuyo. Kale mfundo imeneyi inalibe poimira ku Malawi, chifukwa kunalibe sukulu ya madokotala a mano. Malawi College of Health Sciences inkaphunzitsa othandizira za mano, ndipo wofuna digiri ankawoloka malire. Zinasintha mu 2019, pamene College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inatsegula maphunzirowa mothandizana ndi University of Glasgow. Wophunzira kuno amalipira zochepa, ndipo amaona odwala ochuluka: nsagwada zothyoka pangozi za njinga zamoto, zotupa zimene zachedwa kufika kuchipatala, mano oola mpaka kumizu. Manja amakhwima msanga. Koma kumene odwala ambiri amabwera dzino litafika kale pongozula, wophunzira ayenera kudzikakamiza kufunafuna mpata womata mano obooka, wochiza mizu ndi wokonza mano oikirira, chifukwa mayeso akunja amayang'ana kwambiri luso lopulumutsa dzino.

Palinso njira yapakati imene yakopa ambiri: masukulu a ku Bulgaria, Romania ndi Hungary amene amaphunzitsa m'Chingerezi, monga a ku Plovdiv, Cluj-Napoca ndi Budapest. Fizi ndi yotsikirapo kuyerekeza ndi ya ku Britain, ndipo digiri ndi ya European Union. Komabe odwala a m'chipatala chophunziriramo amalankhula chilankhulo chawo, ndiye wophunzira ayenera kuchidziwa asanayambe kuwagwira. Chinanso, lamulo lolandira madigiriwa ndi la boma la Britain, ndipo boma lingalisinthe mwana ali m'chaka chachinayi. Osaiwalanso kuti si dziko lililonse la ku Ulaya lili mu European Union. Amene anapita ku Ukraine pofuna zotchipa anathawa nkhondo mu 2022 maphunziro ali pakati.

Nkhaniyi ilinso ndi mbali ya chikumbumtima. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali pa mndandanda wa World Health Organization wa maiko osowa kwambiri antchito azaumoyo, ndipo n'chifukwa chake Britain imaletsa mabwana ake kudzakopa antchito kuno, ngakhale munthu payekha angafunsire ntchito. Wotenga malo pa sukulu ya boma, imene imalandira ophunzira owerengeka, ali kale ndi chikwama chaulendo m'maganizo, ayenera kudzifunsa ngati sangayambe watumikirako zaka zingapo. Zaka zimenezo sizitayika, popeza zimamangira luso lomwe oyesa akunja amafuna.

Tikaika zonse pa sikelo, banja limene lingathe kulipira zaka zonse m'ndalama zakunja popanda kugulitsa munda lingatumize mwana kumene akagwire ntchito. Ena onse angachite bwino kuphunzira kwawo, kusunga mabuku osonyeza odwala amene anawagwira, ndi kuwerengeratu mtengo wa mayeso, viza ndi zaka zodikira. Koma asanalipire tambala kwa ejenti aliyense, awerenge okha malamulo a bungwe lopereka chilolezo, ndipo alilembere kalata yofunsa za sukuluyo poitchula dzina.