Sitima Siidikira Mlendo

Aliyense amene adakwerapo Ilala pa Nkhata Bay amaudziwa mwambo wa ulendo wa panyanja yathu. Munthu amafika padoko nthawi ikadalipo, nayala chitenje pambali pa matumba a ufa ndi madengu a usipa, nayamba kudikira. Sitima imeneyi, imene idamangidwa ku Scotland mu 1949 ndi kuyamba ntchito pa nyanja ya Malawi mu 1951, imayenda monga mmene mwera ndi katundu wa m'madoko zailolera. Motero tidaphunzira kuti wanzeru ndiye amene alawirira ndi kudekha. Phunziroli n'labwino kwathu kuno, koma munthu akapita nalo ku doko lalikulu osaliunika bwino, likhoza kumusokeretsa.

Tiyeni tione za Durban, mzinda wa ku South Africa kumene kuli abale athu ambiri. M'nyengo yotentha ya kumeneko, sitima zikuluzikulu zonyamula anthu oyenda ulendo wosangalala zimanyamuka padokolo kupita ku magombe a Mozambique, monga Pomene ndi Portuguese Island, ndi kubwerako patapita masiku owerengeka. Apaulendo amakwerera pa Nelson Mandela Cruise Terminal, nyumba imene Pulezidenti Cyril Ramaphosa adaitsegula mu 2023. Sitima imodzi imanyamula anthu oposa 2,000. Taganizirani, owerenga, ophunzira a masekondale anayi kapena asanu atasonkhana pa khomo limodzi, aliyense ndi sutukesi yake.

Tsiku lonyamuka, sitimayo imakocheza m'mamawa itadzaza ndi anthu a ulendo wapitawo. Onsewo ayenera kutsika, kutenga katundu wawo ndi kuonetsa ziphaso. Pambuyo pake antchito amasesa zipinda, kusintha zofunda ndi kulowetsa chakudya. Ndicho chifukwa chake eni sitima amapatsa mlendo aliyense nthawi yake yofikira, yolembedwa pa tikiti, kuti khamu lilowe m'magulumagulu. Wofika tambala atangolira sakhala woyamba kukwera ayi. Amangoimirira pamzere m'chitungu cha Durban, natsekereza njira ya amene akutsika, ndipo ngakhale atalowa, kawirikawiri chipinda chake chimakhala chisanakonzeke kufikira masana. Akuluakulu adanena kuti kuthamanga sikufika.

Komabe wochedwa tsoka lake n'lalikulu koposa. Khomo lolandirira apaulendo limatsekedwa sitima isananyamuke, nthawi zambiri kukadali ola limodzi kapena awiri, pakuti mndandanda wa okwera uyenera kuperekedwa kwa akuluakulu a zolowa ndi zotuluka m'dziko. Palinso chifukwa china chokhudza moyo. Pa 13 January 2012 sitima ya Costa Concordia idagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy, ndipo anthu 32 adafa. Amene adakwera tsiku lomwelo adali asanaphunzitsidwe kopita ngozi ikagwa. Kuyambira mu 2015 lamulo la mayiko onse likuti apaulendo atsopano aphunzitsidwe zimenezi sitima isanachoke padoko kapena itangochoka kumene. Munthu wofika mpumulo uli m'mwambamwamba khomo litatsekedwa, angathe kuiona sitimayo ndi maso ili chiimire, koma sangaloledwe kulowa, ndipo ndalama za tikiti kawirikawiri sizibwezedwa.

Maganizo anga ndi awa: kulawirira kwathu kuja tikugwiritse ntchito pamseu, osati pakhomo la sitima. Munthu afike mumzinda wa doko tsiku limodzi ulendo usanachitike, agone, kenaka apite padoko pa ola lenileni limene adamulembera. Wochokera kuno pa basi amadzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo amene adayendapo njirayi akudziwa kuti pa chipata chilichonse munthu angathe kutaya maola ambiri. Akafika ku Johannesburg amatsala ndi makilomita pafupifupi 570 a msewu wa N3, umene nthawi zina umatsekeka pa Van Reenen chifukwa cha ngozi kapena nkhungu. Wa pandege nayenso sali pamtendere, pakuti ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri imamusiya, ndipo mwina iye n'kufika koma sutukesi n'kutsala.

Wina adzati, "Aphunzitsi, kugona usiku umodzi m'nyumba ya alendo ndi ndalamanso." Zoonadi, ndipo amene amadikira malipiro a pamwezi sangaipeputse mfundoyi. Koma tiyerekeze ndalama za usiku umodzi ndi ndalama za ulendo wonse zimene banja lasunga kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Kuumira pa kakang'ono n'kutaya chachikulu sikusamala chuma. Ndiponso ambiri a ife tili ndi mbale kapena mnansi mumzindawo amene sangatimane mphasa.

Potsiriza, werengani zonse zimene zalembedwa pa tikiti, ndipo pamene simukumva funsani, poti safunsa adadya phula. Pasipoti, tikiti ndi mankhwala zikhale m'kachikwama ka m'manja, chifukwa sutukesi yaikulu mumaipereka pakhomo ndipo imakupezani m'chipinda patapita maola.

Kwa inu achinyamata amene mwangotsiriza sukulu, nkhaniyi isaoneke ngati ya anthu olemera okha. Tsiku lokayesedwa ntchito, tsiku lokwera ndege kupita kukaphunzira kunja, ngakhale tsiku la mayeso, lamulo lake n'lomweli. Kusunga nthawi ndiko kudziwa kumene kuchedwa kungakugwereni, kuikirako mpata wokwanira, ndi kufika pakhomo pa ola limene mwaitanidwa.