Nyali ya injini ikayaka, yambani mwaona waya

Galimoto za dizilo zimene zikulowa m'dziko muno kuchokera ku Japan ndi ku Britain zidasintha kalekale, koma magalaja ambiri a kumaboma akuzikonzabe ndi nzeru za injini zakale. Mwini lole wonyamula nandolo m'munsi mwa phiri la Michesi ku Phalombe ndiye akulipira kusiyana kumeneku.

Zambiri mwa galimoto zatsopanozi zili ndi sefa yogwira mwaye mu ekizozi, yotchedwa DPF. Kuti mwayewo upse, utsi umayenera kutentha kufika pafupifupi madigiri 600, ndipo kompyuta ya injini imadalira timasensa toyeza kutenthako. Sensa ikanama, kompyuta imasiya kuwotcha mwaye, sefa imatsekeka, galimoto n'kufooka pachitunda ngati yalemedwa.

Apa ndi pamene ndalama zimatayika. Makina owerengera zolakwika akaonetsa P0544 kapena P0546, makaniko ambiri amathamangira kunena kuti sensa yafa. Chikhalirecho manambalawa akunena za njira yonse ya magetsi: sensa, waya ndi pulagi. M'misewu yafumbi yolowera kumidzi ya ku Migowi ndi Chiringa, komwe matope ndi miyala zimamenya kunsi kwa galimoto, waya wokhuzika kapena pulagi yadzimbiri si zachilendo.

Kuyeza kwake sikufuna zambiri. Galimoto ikagona usiku wonse, masensa onse ayenera kuonetsa kutentha kofanana ndi kwa panja. Imene ikusiyana kwambiri ndi anzake ndiyo yokayikitsa. Kenaka multimeter: sensa ya mtundu wa PT200 imaonetsa ma ohm opitirira pang'ono 200 ikakhala yozizira, ngakhale mitundu ina ili ndi miyeso yake.

Chiitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chipangizo chilichonse choitanitsa kunja chimaluma. Kugula sensa ku Limbe pomwe vuto ndi waya n'kutaya ndalama ndi ulendo womwe. Ena atopa nazo, angochotseratu DPF. Galimoto imathamangadi, koma mwaye wonse umathera m'mapapo mwa ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu.

Dizilo wa m'zigubu, amene amachuluka mafuta akasowa pamapampu, naye amatha kudzaza sefa msanga, ndipo mlandu umagwera sensa yosalakwa. TEVETA ingachite bwino kufikitsa maphunziro a zamagetsi a galimoto kwa amakaniko amene ali kale pantchito ku Phalombe, poti ndi iwo amene amaigwira galimotoyo isanaganiziridwe zokokera ku Blantyre.