Ndimalipira Kawiri

Kumapeto kwa mwezi uliwonse, ndikalandira kapepala ka malipiro kuntchito, diso langa limayamba lagwa pa mzere wa msonkho. Boma limadula gawo lake ndisanagwire ngakhale tambala, ndipo sindidandaula, pakuti inenso ndine wantchito wa boma lomweli ndipo ndikudziwa kuti choko, mabuku ndi malipiro a aphunzitsi zimachokera mu msonkhowo. Chimene chimandiwawa n'chakuti teremu ikamayamba ndimalipiranso kachiwiri. Ndimakakongola ku SACCO ya kuntchito, nthawi zina ndimafika mpaka kwa akatapila, kuti mnyamata wanga wa zaka 11 akakhale m'kalasi pasukulu ina ya pulayiveti. Sindinamutumize kumeneko pofuna kuti azilankhula Chingerezi cha m'mphuno ayi. Ndinamutumiza chifukwa sukulu imene msonkho wanga unamanga inalibe malo ake.

Ali ndi zaka zitatu anadwala malungo aakulu, aja ofika mpaka muubongo, ndipo anakomoka masiku anayi. Atatsitsimuka tinathokoza Mulungu, koma mawu amene anali atayamba kale kulankhula anapita, khunyu linayamba kumugwetsa, ndipo kukhala pansi mphindi zisanu inasanduka ntchito yaikulu. Madokotala anatifotokozera kuti zotere zimachitikira ena mwa ana opulumuka ku matendawa. Koma kumudzi ankanong'onezana kuti ndinamukhwimira kuti ndikwezedwe pantchito. Ngati zinalidi choncho, ndiye kuti sing'angayo anandibera, chifukwa giredi yanga ikadali yomweyo mpaka lero.

Atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, ine ndi mayi ake tinakamulembetsa kupulayimale ya boma ya pafupi ndi kwathu. Mu Sitandade 1 munali ana oposa 100 atakhala pansi, mphunzitsi mmodzi. Patatha masabata atatu mphunzitsiyo anandiitana. "Bambo, musandione ngati woipa mtima," anatero mayiyo. "Mwanayu akathawira panja ine n'kumuthamangira, ana enawa ndiwasiyira yani? Ndipo kukoleji sanatiphunzitse mokwanira za ana otere." Sindinawakwiyire, ananena zoona. Mphunzitsi wa maphunziro apadera analipo mmodzi, woyendera sukulu zingapo pa njinga yakapalasa. Tsiku lina tinamupeza mwanayo kumsika, m'mphepete mwa msewu wa tala, nthawi ya sukulu isanathe. Kuyambira tsikulo sanapitekonso.

Apa ndipo tinayamba kuyendayenda m'sukulu za pulayiveti. Yoyamba inatilandira ndi manja awiri, n'kutilipiritsa kawiri fizi ya ana ena ati chifukwa cha chisamaliro chapadera. Tsiku lina mayi ake anapitako mosayembekezeka ndipo anamupeza m'kachipinda kosungira matsache, akuonera makatuni pafoni ya mtsikana wokolopa. Chisamaliro chapaderacho chinali chimenechi. Yachiwiri inatikana poyera, mwini wake ati makolo ena akachotsa ana awo poopa kuti khunyu liwapatsira. Tangoganizani, munthu woyendetsa sukulu osadziwa kuti khunyu silipatsirana! Yachitatu ndi imene aliko tsopano. Ndi nyumba wamba, ana 12, ndipo amaiyendetsa ndi mayi wina wopuma pantchito ya uphunzitsi amene anachita maphunziro apadera ku Montfort, mothandizana ndi atsikana awiri. Amaphunzitsa ndi zithunzi, tinyimbo ndi timiyala towerengera, ndipo chilichonse chimachitika pa nthawi yake yomweyomweyo tsiku ndi tsiku. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mwana wanga analemba dzina lake koyamba. Pepalalo ndimalisunga m'fayilo imodzi ndi masatifiketi anga.

Koma fizi ya teremu imodzi imaposa malipiro anga a miyezi iwiri. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi ndi chakudya zinakwera, mayi aja anakweza fizi, ndipo ana atatu anasiya. Sanasamukire sukulu ina. Ali kunyumba.

Tsono pali anzanga ena ophunzira bwino, amene timakumana nawo m'misonkhano ya kunyanja ku Mangochi, omwe amanditsutsa. Iwo amati sukulu zotere zimapatula ana aulumali, pamene dziko lonse lapansi linagwirizana ku Salamanca, m'dziko la Spain, mu 1994, kuti ana onse aziphunzira pamodzi m'sukulu za kufupi ndi kwawo. Mfundoyo ndimagwirizana nayo ndi mtima wonse. Ndani safuna kuti mwana wake azipita kusukulu ndi anzake amene amasewera nawo mpira wachikulunga madzulo? Koma kulowetsa mwana m'chipinda cha ana oposa 100 n'kumusiya pakona si kuphunzira pamodzi, abale. N'kumusunga chabe mpaka belu lilire. M'kaundula amalembedwa kuti alipo, ziwerengero zimapita ku likulu, malipoti amakoma, mwana osadziwa ngakhale a, e, i, o, u.

Malamulo tili nawo, ndipo ndi abwino. Mu 1994 boma linachotsa fizi kupulayimale, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mu 2012 tinakhala ndi lamulo la anthu aulumali, mu 2013 lamulo la maphunziro linati pulayimale ndi yokakamiza kwa mwana aliyense, ndipo panabweranso ndondomeko ya 2017 mpaka 2021 yoti maphunziro asasiye mwana kunja. Mu 2024 kunadza lamulo latsopano la anthu aulumali, MACOHA n'kusanduka MACODA. Mapepala otere ine ndawanyamulapo m'chikwama changa. Koma pepala silithamangira mwana wothawira kumsewu. Pamafunika munthu, wophunzitsidwa ndi wolipidwa.

Tikayang'ana m'mbuyo, katunduyu boma linazolowera kuti azisenza ena. Sukulu zoyamba za ana osaona, Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje, anayambitsa ndi amishoni. Koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imene yasula aphunzitsi ambiri a maphunziro apadera, inayambanso ndi Abulazala a Katolika. Sukulu za ana osamva za Maryview, Mua ndi Embangweni nazonso zinaphuka pa nthaka ya mipingo. Ntchito imeneyi ndi yotamandika, koma inayamba ndi osaona ndi osamva. Ana a vuto la muubongo, ochedwa kugwira zinthu, osalankhula, osakhazikika, anatsalira m'mbuyo. Dzenje limeneli ndi limene sukulu za pulayiveti zalowamo, zina ndi mtima wothandiza, zina zitanunkhiza ndalama za kholo losowa kolowera.

Kwa eni sukulu za mtundu wachiwiriwu ndilibe mawu okoma. Kholo la mwana waulumali silikangana pa mtengo, limaopa kuti likalankhula mwana abwezedwa. Mwanayo naye sangafotokoze kunyumba zimene zamuchitikira masana. Kudyerera anthu otere ndi umbava woposa wa wothyola nyumba usiku. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino limalola sukulu zomwe si zaboma pokhapokha zitalembetsedwa ndiponso maphunziro ake asachepere pa a m'sukulu za boma. Nanga oyendera sukulu akafika, amafunsa kuti mwana wosalankhula amakhala chipinda chiti, ndipo akumuphunzitsa ndani? Kapena amangowerenga zimbudzi ndi madesiki n'kumapita? Bungwe la ISAMA nalo, lomwe limaimira sukuluzi, liyenera kuyamba kuchita manyazi ndi mamembala otere ngati alipo.

Ndisanamizire kuti ine ndi amene ndili pa moto waukulu. Kuseri kwa nyumba yathu kuli mayi wogulitsa tomato amene ali ndi mtsikana wa vuto longa la mwana wanga. M'mawa amamutsekera m'nyumba ndi mbale ya phala, n'kupita kumsika. Si nkhanza, n'kusowa pogwira. Mayiyu naye amalipira msonkho akamagula sopo ndi mayunitsi, koma SACCO alibe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'mwamba, 10.4 peresenti ali ndi ulumali wina wake, anthu oposa 1.5 miliyoni. Ndi angati mwa makolo a ana amenewa angakwanitse fizi yomwe ikundigwetsa ine wolandira pamwezi? N'chifukwa chake ndikunena kuti sukulu ya pulayiveti yapulumutsa mwana wanga, koma singapulumutse dziko.

Zofunika kuchita n'zodziwika. Wophunzira aliyense wa m'makoleji a aphunzitsi asatuluke asanagwirepo ntchito ndi ana otere m'kalasi yeniyeni. Kalasi imene muli mwana wofunika chithandizo chapadera ikhale ndi wothandizira mphunzitsi, ndipo achinyamata a MSCE ongokhala m'makwalalamu angaphunzitsidwe ntchitoyi. Zoni iliyonse ikhale ndi chipinda cha maphunziro apadera chokhala ndi zipangizo ndi mphunzitsi wokhazikika. Ndipo pamene boma lilibe malo a mwana, lilipire gawo la fizi kusukulu ya pulayiveti imene layendera n'kukhutira nayo. Wina asanene kuti n'zachilendo. Boma limalipira kale ogwira ntchito m'zipatala za CHAM, ndipo m'madera ena limagwirizana ndi zipatalazi kuti amayi oyembekezera ndi ana athandizidwe osalipira chifukwa chipatala cha boma chili kutali. Ngati zatheka ndi thupi la mwana, zilephereranji ndi mutu wake?

Kwa makolo anzanga ndikuti, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tileke kubisa ana athu kuchipinda alendo akabwera. Tilowe m'makomiti a sukulu, tilowe m'mabungwe a makolo monga PODCAM, ndipo phungu akabwera kudzapempha voti timufunse za ana amenewa maso ndi maso. Kwa inu amene ana anu ali bwinobwino, kumbukirani kuti wanganso anabadwa bwinobwino. Udzudzu umodzi unakwanira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndatsala ndi zaka zosakwana 20 kuti ndipume pantchito. Usiku ndikamawerengetsa ngongole, mwanayo ali m'tulo, funso limene limandisowetsa mtendere ndi lakuti ndikadzaleka kulandira kapepala kaja, kapena ndikadzatsikira kuli chete, adzamulipirire ndani. Mawa m'mawa ndimukweza minibasi monga mwa masiku onse, titakhala mpando wa pawindo umene amaukonda. Tikamadutsa pasukulu ya boma ija amaloza ana ovala yunifolomu ali pa mzere, n'kunena limodzi mwa mawu ochepa amene anabwerera: "Anzanga."