Kaliyala wa Padenga Ayezedwe Pamodzi ndi Galimoto

Amai ndi abambo a nthambi yathu,

Tiri ndi mau pa chinthu chimene tonse timachiona pa depoti ya Zomba, koma sitichifunsa. Tikunena kaliyala, chitsulo chija chimene eni minibasi amamanga padenga, ndiponso mipanda ya zitsulo imene eni matola amaonjezera kumbuyo kuti katundu achuluke. Galimoto zambiri sizichoka nazo ku fakitale zitsulo zimenezi. Amaziwotcherera ndi amisiri athu omwe kuno kwathu.

Ife sitidana naye kaliyala. Popanda iye, mpunga wa ku sikimu ya Likangala ukanafika bwanji pa msika wa Zomba? Matemba ndi milamba ya ku Kachulu ikanakwera pati? Mlimi alibe lole yakeyake, ndipo wina akadzati kaliyala achotsedwe, tidzakhala oyamba kukana. Chimene tifuna nchakuti chitsulocho chiyezedwe monga ayezera mbali zina za galimoto.

Lamulo liripo. Road Traffic Act ya 1997 ifuna kuti galimoto yoyenda pa mseu ikhale yoyenera kuyenda. Chifukwa chake galimoto zimapita kukayezedwa kuti zilandire chikalata cha COF, ndipo nchito imeneyi iri m'manja mwa Directorate of Road Traffic and Safety Services. Galimoto iriyonse iri ndi malire a kulemera amene anaika oipanga. Kumanga kaliyala sikukweza malire amenewo. Matayala, mabuleki ndi masipuling'i akhala omwewo, ndipo kulemera kwa chitsulocho nako kuwerengedwa ngati katundu. Lamulo lifunanso kuti katundu amangidwe zolimba ndi kuti asatulukire kunja moopseza ena.

Nanga bvuto liri pati? Liri apa: kaliyala akhoza kumangidwa tsiku lotsatira galimoto itayezedwa kale. Chikalata chinena za galimoto ya dzulo, koma imene tikwera ife ndi ya lero.

Ana athu a sukulu adziwa kuti mtsuko wodzaza uli pamutu sufuna kukhota msanga. Galimoto nayo ndi chimodzimodzi. Matumba 6 a makilogalamu 50 ndiwo makilogalamu 300, ndipo akakhala padenga amakokera galimoto kumbali pa gulaye pali ponse. Katundu yemweyo ataikidwa pansi sakanaopsa chotero. Taganizani mseu wotsika ku Ku Chawe, wopapatiza ndi wokhotakhota, pa phiri limene nsonga yake ipitirira mamita 2,000. Galimoto yolemera potsika pamenepo imatenthetsa mabuleki mpaka aleke kugwira. Mseu womwewo atsikamo anzathu a njinga atasanja nkhuni kuposa msinkhu wao. Thumba limodzi likagwa kuchokera padenga, wovulala ndi iwo.

Tsono ife a nthambi ino tipempha zinthu zitatu.

Choyamba, kwa Boma: woyeza galimoto ayang'ane kaliyala, aone pamene wagwira ndi mmene amuwotcherera, ndipo alembe m'chikalata kuti galimotoyo iri naye. Womanga kaliyala pambuyo pake abwerere kukayezetsa.

Chachiwiri, kwa amisiri ndi eni galimoto: makilogalamu amene kaliyala angathe kunyamula alembedwe ndi penti pa chitsulo pomwepo, kuti kondakitala, wapolisi ndi mlimi awerenge chinthu chimodzi. Pamene nambala palibe, pamakhala mkangano pa mseu, ndipo mkangano wotere suthera mokomera munthu wosauka.

Chachitatu chiri kwa ife tomwe. Kodi si ife timaumiriza kondakitala kuti, “Kwezani limodzi lokha, bambo,” poopa kugona pa depoti? Mpunga umene tauvutikira miyezi yonse m'matope usatitengere ku chipatala. Thumba likatsala lero lidzapita mawa. Onani zingwe ndi maso anu musanakwere, ndipo mukaona denga lapindika, tsikani.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodzi akakana kukwera galimoto yolemetsa amasekedwa, koma mudzi wonse ukakana, mwini galimoto amamva. Nkhani imeneyi tidzaikamba pa msonkhano ukudzawu, ndipo tidzalemba kalata imodzi m'dzina la tonse. Eni minibasi, amisiri owotcherera ndi a kabaza, bwerani nanunso mudzatiuze mbali yanu.

Ife anu,
Mlembi wa Nthambi, Likangala