Zolinga za chaka chatsopano zimafa chifukwa zilibe mboni

Usiku wa pa 31 Disembala matchalitchi amadzaza mpaka pakhonde. Ikangokwana 12 koloko timafuula kuti chaka chino n'chathu: timanga nyumba, tisiya mowa, tibwerera kusukulu, tiyamba geni. Ena amagula kope latsopano n'kulembamo zolinga khumi. Pofika tsiku la Chilembwe, pa 15 Januwale, kope lija laiwalika kale.

Kupemphera sindikutsutsa, ndipo munthu wofuna kusintha moyo wake ndimamulemekeza. Chimandipweteka n'chakuti chaka ndi chaka timalonjeza mwa njira yomweyomweyo, zikakanika n'kumadzitcha olephera, chonsecho chopindika ndi lonjezolo.

Taonani mwezi umene timalonjezerawu. Ndalama zathera pa Khirisimasi, fizi ya teremu yachiwiri ikudikira, chimanga chatha m'nkhokwe ndipo pamsika chakwera mtengo. Kumunda kukufunika fetereza wobereketsa ndi aganyu opalira. Wonena kuti kuyambira Januwale azisunga K50,000 mwezi uliwonse amapunthwa asanatuluke n'pakhomo pomwe, ndipo mwezi usanathe ali kwa wakatapila. Akagwa kamodziko amataya mtima mpaka Disembala winanso.

Komabe mwezi si ndiwo umapha zolinga zathu. Zimafa chifukwa palibe amene amazidziwa. Masiku ano kwabwera chiphunzitso chakuti mapulani ako usauze munthu, angakuchitire nsanje, angakulodze. Ine ndikuchikana chiphunzitso chimenechi. Inde, nsanje ilipo, ndipo palibe akukuuzani kuti mukalengeze pa Facebook. Koma lonjezo limene ukulidziwa wekha umaliphwanya wekha, popanda wokufunsa, popanda manyazi. Ambiri timabisa zolinga osati poopa mfiti, koma poopa funso lakuti, "Nanga zija munanena zija zili pati?"

Wofuna kuphunzira kusunga lonjezo apite akakhale pamphasa ndi amayi a banki m'khonde. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo lero yafalikira m'midzi ndi m'matauni mwathu muno. Amayiwa salumbira pakati pa usiku. Amakumana tsiku lodziwika sabata iliyonse, aliyense amagula masheya anzake akuona, mlembi amalemba. Wochedwa amalipira chindapusa, wojomba popanda chifukwa amalipiranso. Kumene amatsata mwambo wake, bokosi limakhala ndi maloko atatu ndipo makiyi amasunga anthu atatu osiyana, kuti ngakhale mwini ndalama akagwidwa ndi chilakolako cha chitenje chatsopano asathe kuzitapa. Pakutha pa chaka amagawana, wina n'kugula mbuzi, wina n'kufolera nyumba. Ndikudziwa kuti magulu ena amasweka msungichuma akathawa ndi ndalama, ena amakakamizana ngongole zachiwongoladzanja chopweteka. Koma gulu loyenda bwino limakwanitsa chimene munthu wa digiri amalephera ndi kope lake. Amayiwa saposa ife kulimba mtima. Anangovomereza kuti mtima wa munthu umatopa, ndiye anaumangira mpanda.

Dziko lathu nalo linalembapo kope lotere. Mu 1998 tinakhazikitsa masomphenya a Vision 2020, olonjeza kuti pofika chakacho tidzakhala dziko la chuma chapakatikati. Chaka chinafika, umphawi uli pomwepo, ndipo palibe analipira chindapusa. Mu Januwale 2021 tinatsegula kope lina, Malawi 2063. Nalonso lidzaiwalika ngati nzika sitikhala mboni zovuta.

Choncho chaka chino sankhani chinthu chimodzi. Khumi ayi, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ngati chikufuna ndalama, musachiwerengere m'makwacha okha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene ankasunga ya malata anadzuka ikukwanira ochepa. Lembani malata 30 kapena matumba 20 a simenti, muzigula pang'onopang'ono n'kumaunjika. Ndipo palibe lamulo lakuti muyambe pa 1 Januwale. Mlimi ayambe mu Meyi akakolola, thumba likayamba kupuma.

Kenako pezani anthu awiri osakunyengererani, mwina mlongo wanu ndi mnzanu wa kumpingo. Auzeni cholingacho, mugwirizane tsiku lokufunsani, mutchulenso chindapusa. Ngati ndi mowa kapena kubetcha mpira, Loweruka lililonse madzulo muziwaonetsa ndalama imene ikanapita kumeneko, iwo aziitenga n'kukaisunga kumene dzanja lanu silifika. Sabata imene mwazembera, lipirani zimene munapangana popanda kukangana nawo, ndipo Loweruka lotsatira mubwerenso.