Tsiku la Mwendamnjira pa Njira ya ku Santiago



Kumpoto kwa dziko la Spain kuli njira yakalekale yotchedwa Camino de Santiago. Anthu amayenda wapansi pa njirayi kupita ku mzinda wa Santiago de Compostela, kumene mwambo wa Mpingo umati kuli manda a Yakobe Woyera, mmodzi mwa Apostoli 12. Nthambi yake yotchuka kwambiri imayambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port m'dziko la France. Ndi yotalika pafupifupi makilomita 780, ndipo munthu wamphamvu zake amaimaliza patatha masiku 30 mpaka 35. M'chaka cha 2024, anthu pafupifupi 500,000 adalandira chikalata chotchedwa Compostela, chochitira umboni kuti adafika. Ambiri akamva za ulendowu amaganiza za tsiku lofika: mabelu a tchalitchi chachikulu, Misa ya amwendamnjira, ndi chofukizira lubani chachikulu chija chimene amuna angapo amachikoka ndi chingwe. Ine ndikuti chuma chenicheni cha ulendowu chili m'masiku wamba a pakati, amene palibe amawajambula chithunzi.

Tiyeni tilione tsiku limodzi lotere. Mwendamnjira amadzuka mbandakucha, m'chipinda chimene mwagona anthu 20, mwina 50, pa mabedi osanjikizana. Amalongedza katundu wake ndi kuunika kwa tochi kuti asadzutse anzake. Amapaka mafuta kumapazi, kumata matuza a dzulo, kuvala masokosi amene mwina sadaume bwino, n'kutuluka. M'nyengo yotentha amayenera kulawira chonchi chifukwa masana dzuwa limaswa mtengo. Amayenda makilomita 20 kapena 25. Akafika pa mudzi wotsatira amaima pamzere pa nyumba yogona amwendamnjira, yotchedwa albergue, n'kuonetsa kabuku kake kuti amudindire chidindo cha malowo. Kenaka amasamba, amachapa malaya ndi manja, amayanika, amagula buledi ndi ndiwo, amadya. Pofika 10 koloko usiku zitseko zatsekedwa ndipo nyali zazimitsidwa. Wina amaliza mkonono usiku wonse, ndipo nthawi zina nsikidzi nazo zimacheza. Pofika 8 koloko m'mawa aliyense ayenera kukhala atatuluka, pakuti nyumba zambiri zoterezi sizilola munthu kugona kawiri pokhapokha ngati wadwala. Mawa lake ndi chimodzimodzi, mkuja ndi chimodzimodzinso.

Mphunzitsi woyamba pa njirayi ndi chikwama cha kumsana. Odziwa ulendowu amalangiza kuti katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thupi lako. Munthu wolemera makilogalamu 70 anyamule makilogalamu 7 okha. Ambiri samvera. Koma tsiku loyamba lenilenilo njira imakwera mapiri a Pyrenees, mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kukafika ku Roncesvalles, ndipo phewa limayamba kunena zoona. Akafika ku Pamplona, ena amapita ku positi ofesi kukatumiza katundu wotsala kuti akampeze kutsogolo. Ena amangomusiya m'mabokosi a m'nyumba zogona kuti wina amene akumusowa atenge. Buku lachiwiri, nsapato zapadera, malaya achisanu ndi chimodzi: zonsezi kunyumba zinkaoneka zofunika. Munthu amazinyamula chifukwa cha mantha akuti mwina adzazifuna. Pa njira amazindikira kuti malaya awiri ndi okwanira, limodzi pathupi, lina pachingwe. Kodi ife amene sitidapondeko ku Spain tikusenza zingati chifukwa cha mantha omwewo? Ngongole ya foni yatsopano, chibwenzi chongoopa kusekedwa, chidani cha zaka zitatu: zonsezi ndi makilogalamu.

Mphunzitsi wachiwiri ndi kutopetsa kwa njira. Pakati pa mizinda ya Burgos ndi León pali chidikha chotchedwa Meseta, mtunda wa makilomita pafupifupi 180 wa minda ya tirigu, mitengo yochepa, ndi msewu wowongoka umene umaoneka ngati sukutha. Kuchoka ku Carrión de los Condes munthu amayenda makilomita 17 osapeza mudzi ngakhale umodzi. Alipo amene amakwera basi kuti adumphe chigawo chimenechi, ati mulibe choona. Sindikuwaweruza, pakuti ena nthawi yawachepera ndipo ena mawondo awakana. Komabe ndikuona kuti amataya gawo lamtengo wapatali. Pamene maso asowa chowasangalatsa, mtima umayamba kulankhula. Zimene munthu wakhala akuzithawa ndi phokoso zimamupeza, ndipo pemphero limasiya kukhala mawu oloweza chabe. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife achinyamata timakonda misonkhano ikuluikulu, makwaya, maulendo a pa basi ndi zikondwerero, ndipo zonsezi n'zabwino. Koma chikhulupiriro chimakula kwambiri Lachiwiri wamba, pamene palibe ng'oma, palibe woyamikira, ndipo pangofunika kuchita lero chabwino chomwe udachita dzulo.

Mphunzitsi wachitatu ndi anthu ena. Pa njirayi palibe amene amadziyendera yekha, ngakhale atanyamuka yekha. Mivi yachikasu yojambulidwa pa miyala, pa makoma ndi pa mitengo, imene imalozera anthu kolowera, adayamba kuijambula mu 1984 ndi Bambo Elías Valiña, wansembe wa parishi ya O Cebreiro, kamudzi ka pamwamba pa phiri. Bamboyu adamwalira mu 1989, asadaone namtindi wa anthu amene lero akutsata penti yake. M'nyumba zambiri zogona, amene amalandira alendo ndi anthu ongodzipereka, amene adayendapo njirayi ndipo abwerera kudzakolopa zimbudzi za anzawo popanda malipiro. Ku Grañón amwendamnjira amagona pa timatiresi pansi m'nyumba yolumikizana ndi tchalitchi, amaphika pamodzi, amadya pamodzi, ndipo aliyense amaponya m'bokosi zimene angathe. Chakudya cha lero chagulidwa ndi ndalama za amene adagona dzulo, ndipo zimene uponye iwe zidzadyetsa munthu amene sudzamuona. Pa tebulo limenelo dokotala, wophunzira ndi wopuma pa ntchito amafanana: onse ndi otopa, onse akununkha thukuta, onse akutsimphina. Kunyada kumavuta ukamapempha mlendo kuti akuboolere thuza la kuchidendene.

Tsono wina anganene kuti: zonsezi ndi masewera a anthu olemera. Mtengo wa ndege, chiphaso cholowera ku Ulaya ndi mwezi wathunthu wosagwira ntchito, ndani mwa ife angakwanitse? Amayi athu amayenda mitunda italiitali kupita kuchigayo, kuchipatala ndi ku Misa, atasenza katundu woposa makilogalamu 7, ndipo palibe amawapatsa chikalata cholembedwa m'Chilatini. Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo tisawanyoze. N'zoonanso kuti njirayi yalowa malonda. Popeza kuti chikalata chija chimaperekedwa kwa amene wayenda makilomita osachepera 100, khamu lalikulu limayambira ku Sarria, ulendo wa masiku asanu okha, ndipo alipo makampani onyamulira anthu zikwama pa galimoto. Koma mfundo imeneyi ikutithandiza kuona bwino. Ngati anthu a m'mayiko olemera akulipira ndalama zambiri kuti aphunzire kukhala ndi zochepa, kuyenda wapansi, kudya m'mbale imodzi ndi kudalira mlendo, ndiye kuti zimene ife timazichitira manyazi zili ndi mtengo umene sitidauwerengere. Umphawi si chinthu chabwino, ndipo tiyenera kulimbana nawo. Koma pothawa umphawi tisataye nzeru zimene makolo athu adazipeza m'menemo.

Kufupi ndi mudzi wa Foncebadón, pa mtunda wokwera mamita pafupifupi 1,500, pali mtanda wachitsulo wotchedwa Cruz de Ferro, woimikidwa pa mtengo wautali pamwamba pa mulu wa miyala. Mwendamnjira amanyamula kamwala kuchokera kwawo, kuyenda nako masabata atatu kapena kuposerapo, n'kukasiya pamenepo ngati chizindikiro cha chimene chakhala chikumulemera mumtima. Mulu wonsewo udakula ndi kamwala kamodzikamodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mu Ogasiti 1989, Papa Yohane Paulo Wachiwiri adasonkhanitsa achinyamata a dziko lonse pa phiri la Monte do Gozo, pamene amwendamnjira amayambira kuona nsanja za tchalitchi cha Santiago. Chaka cha 2027 ndi Chaka Choyera kumeneko, chifukwa chikondwerero cha Yakobe Woyera, pa 25 Julaye, chikugwa Lamulungu. Ambiri mwa ife sitidzakhalako, ndipo palibe chodandaulitsa. Sabata ino tingathe kuchita zitatu zimene mwendamnjira amachita tsiku lililonse. Titule chinthu chimodzi chimene tikusenza chifukwa cha mantha. Tiyende ulendo umodzi, kaya wa kusukulu, kuntchito kapena ku mphakati, foni ili m'thumba, mtima uli chete pamaso pa Mulungu. Ndipo tichitire chabwino munthu amene sadzadziwa dzina lathu.

Ambuye atiperekeze tonse pa makilomita a sabata ino.